Mpata wa m'Kabokosi

Bawuti ikamangozungulira osagwira,
Che Twaibu sayankhula msanga.
Amapisa kachala m'bowo,
n'kukatulutsa kali mbuu ndi ufa wachitsulo,
n'kuti: mazinga adyeka awa.

Lero ndi injini ya chigayo cha Abiti Ndembo,
yabwera pangolo kuchokera kwa Chimwala.
Ng'ombe zikubzikula pansi pa nimu,
mwini wake wakhala pa tayala lakutha,
akuwerenga masiku anayi amene chigayo chili zii
ndi malichero amene awolokera kwa mnzake wa tsidya la msewu.

Kabokosi kaja katuluka m'nsanza yake.
Adabwera nako kuchokera ku Joni chaka chimene adathawako,
atasiya wailesi, bulangete ndi malipiro a miyezi iwiri,
koma aka adakabisa m'malaya.
Matapu agona atatuatatu ngati ana a mimba imodzi:
wosongoka, wofufuza njira,
mnzake wotsata pambuyo kukuza,
ndi wamphuno yosalala uja
amene amafika pansi penipeni pomwe diso siliona.
Pamzere wa teni pali mpata.
Mpata umenewo ndi wanga.

Ndinali ndi miyezi iwiri pagalaja pano.
Okutobala, malata akulira ndi dzuwa,
azana itaitana iwo n'kupita kokaswali,
ine ndikufuna adzandipeze nditamaliza.
Ndidakakamiza.
Chitsulo chidadandaula, ndidamva ndithu, sindidamvere.
Kenako thyo,
kaphokoso kochepa ngati ka mtengo wa machesi,
theka m'manja mwanga, theka m'mimba mwa injini ya eni.
Masiku awiri tidagogoda ndi kapanchi,
kubenthula pang'onopang'ono ngati tikuzula dzino.
Sadandikalipire.
Bola akadandikalipira.

Ndiye lero, Abiti Ndembo akuona,
andipatsa chogwirira osandiyang'ana.
Taboola kale, tikweza pa thwelofu.
Manja anga anyowa.

Imika chilili.
Suzumira uku, zungulira usuzumirenso uko,
pakuti ukayamba mokhota, udzamaliza mokhota
ndipo bawuti siidzakukhululukira.
Dontheza oyilo.
Pita theka, bwerera pang'ono.
Pobwerera m'pomwe umamva tswa,
kanyenyeswa kaduka, njira yatseguka.
Pitanso theka. Bwerera.
Akabaza akudutsa ndi mahutala awo kulowera ku M'baluku,
wa usipa wouma waima kufunsa ngati tigula,
ine sindikumva kanthu,
makutu anga asamukira m'zikhatho.

Penapake pakulimba.
Mtima ukuti kankha, n'pang'ono patsala,
mawu omwe aja a chaka chatha.
Ndaima.
Ndatulutsa tapu yense, ndauzira m'bowo,
tinyenyeswa tandithothokera pamphuno,
ndapukuta mano ake limodzilimodzi,
ndayambanso.
Kumbuyo kwanga Che Twaibu atsokomola kamodzi.
Sindidziwa ngati n'fumbi.

Wachiwiri walowa ngati akudziwa kwawo.
Wachitatu wagunda pansi, ndamva m'chigongono,
ndipo apo sipowonjezera ngakhale pang'ono.

Bawuti yatsopano ndaiyamba ndi zala zokha.
Ikupita. Ikupita yokha, mwakachetechete,
chitsulo chikulonjerana ndi chitsulo,
mpaka sipanala itanena kuti basi.

Abiti Ndembo aimirira, akusasa chitenje:
kabowo kamodzi komweka, ndalama zonsezo?
Che Twaibu akuti bowo n'laulere, mayi,
mukulipira mizere ili m'katimo.
Akangana mpaka ng'ombe zamangidwa m'goli,
wina wachotsako, wina wawonjezerako,
ngolo yanyamuka ikulira mateyala.

Ndatsuka matapu m'palafini,
ndawagoneka aliyense pogona pake.
Mpata uja ukundiyang'anabe.
Ku Limbe akuti alipo wa teni, wachitsulo chenicheni,
osati awa opindika ngati waya.
M'chitini cha girisi, kuseri kwa vayisi,
ndafikitsa theka la mtengo wake.
Mwezi watha ndidatapamo za mankhwala a mwana.

Theka kutsogolo, pang'ono m'mbuyo.